Mwana wa Mnzako Amadya Lero

Pa 15 Okutobala, tsiku la Anakubala, mumdadada mwathu ku Makata anakubala anasowa. Kunatsala ana okhaokha, atatu mwa iwo ali pakhonde panga. Mayi awo anawatula m'mamawa ndi mawu amene aliyense wa ku Ndirande amawadziwa: "Aneba, ndikungofika pamsika pompa." Ndisanayankhe anandiponyera mwambi, ati mwana wa mnzako ngwako yemwe, uku chitenje chatsopano chikukhota kale pakona.

Anthu amaudula dala mchira mwambiwu: ukachenjera manja udya naye. Akuluakulu analonjeza kuti udzadya, koma tsiku sanatchule. Ine ndawerengetsa. Wamng'onoyo akuyamwabe chala. Kuti ayambe Sitandade 1 pa Makata pompa, amalize 8, akhoze Fomu 4, apeze malo ku Poly imene pano akuti MUBAS, kenako azungulire mafakitale a mu Makata Road ndi envulopu ya khaki kufuna ntchito, ndi zaka 20, mwinanso kuposa. Banki m'khonde ndiye bola, chaka chikatha mumagawana. Kuno umangosonkha: phala, mandasi, mafilizesi poti Okutobala watentha, makala ophikira ndiwo zina poti wapakatiyo ati bonya amamuyabwa pakhosi. Ndipo akadzalemera, mukuganiza Airtel Money yoyamba idzalira pafoni ya ndani? Ya mayi ake omwe aja a pamsika pompa. Ine ndidzangomva kuti, "Mami aja ankatisunga aja, alipo?"

Msika wake unali saluni. Ndinadziwa madzulo atatulukira mutu uli gwaa ndi meshi, foni ati inatha moto. Kumangitsa meshi kumawawa, amakukoka mpaka nsidze kukwera, koma iwo anati anagona tulo pampandopo, chifukwa kwa theka la tsiku panalibe woitana "Mami". Atachoka apo anaima pachiwaya, chipisi ndi ntchafu ya nkhuku, Fanta wozizira pambali. Anadya ntchafu yonse okha, popanda kadzanja kolowa m'mbale. Ati chibadwire woyamba uja anali asanatsirizepo nthuli osanyemera wina.

Mkwiyo wanga unathera pa ntchafupo. Mwambiwu unabadwira kumudzi, monga kwawo kwa anebawa ku Thyolo, kumene mkamwini amadzamanga kwa mkazi, mwana n'kukulira pakati pa agogo, amayi aakulu ndi amayi aang'ono. Mayi akatopa ankangomasula mbereko, wina n'kulandira. Ku tauni kuno tinabwera ndi ana, koma anthu onse aja tinawasiya kumudzi. Mbale wako ndi amene alandilodi akuikira khomo loyandikana nalo. Ndiye mayi akafuna kupuma pang'ono amachita kunamizira msika, ngati kutopa ndi mlandu.

Abambo sanamizira kanthu. Maule akamakumana ndi Manoma pa Kamuzu Stadium, mpira wa mphindi 90 umayamba 10 koloko m'mawa n'kutha usiku, utadzera pa botolo lobiriwira limene lakhala likufululidwa ku Makata konkuno kuyambira 1968. Pageti amafunsa tikiti basi. Sindinamvepo bambo akufunsidwa kuti, "Nanga ana mwasiya ndi ndani?" Mayi angodutsa pa siteji wopanda mwana kumbuyo, wa kabaza yemwe amafunsa.

Tsopano amayi a mumdadada tayambitsa chipereganyu cha ana. Loweruka lililonse mmodzi amatula ake kwa anzake n'kusowa, osafunsidwa kumene akupita. Lamulo ndi limodzi: bwera ndi ufa wa ana akowo, za kudzadya nawo akadzakula tinazikana.

Loweruka likubwerali ndi langa. Ndinkafuna kungodzitsekera m'nyumba n'kugona, koma makoma ake ndi awa, anga awiri adzandimva ndikuliza mkonono n'kuyamba kugogoda. Ndiye ndikwera minibasi ya ku Limbe, mpando wakumbuyo chakuwindo. Kondakitala ndimulipiriratu yopita ndi yobwerera, asandidzutse.