Ng'ombe Yanga ya M'thumba

Makolo athu, amene Mulungu anawapatsa nzeru zochuluka ndi ndalama zochepa, ankayesa ulemu wa munthu poyang'ana khola lake. Ndipo ine, amene ndinabadwira kummawa koma ndakalambira kuno ku Chongwe pakati pa Asoli, m'dziko la Amayi Mfumu Nkomeshya Mukamambo II, ndiyenera kunena poyera kuti pa ziweto zonse zimene ndinkalota pa unyamata wanga ndili nacho chimodzi chokha, chopanda nyanga, chong'aluka kumaso, chogona m'thumba la malaya. Ana amati foni. Ine ndimati ng'ombe, pakuti imadya tsiku ndi tsiku, imalira pakati pa usiku, ndipo tsopano boma laiona.

Pa 1 January 2024 unayamba msonkho wa ndalama zotumizirana pa lamya, umene Nduna ya Zachuma, a Situmbeko Musokotwane, anaulengeza m'bajeti yawo, kuyambira 8 ngwee kufikira K1.80 malinga ndi kukula kwa chimene watumiza. Ndipo chaka chotsatira, poona kuti ng'ombe sinafe, anaukweza. Wina adzati, kodi mkulu waimvi n'kulirira ngwee, ndalama imene ngakhale mwana wogulitsa vitumbuwa m'mbali mwa Great East Road saiweramira? Zoona, mbale wanga; koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo msonkhowu sunapeze m'khola muli mbee, unapeza anzake akukama kale: ndalama ya kutumizira, ya kutapira pa kanyumba ka ejenti kumsika, thokotaimu, ndi mabando amene amatha mwini wake ali m'tulo.

Za msipu ndiye musanene. M'chaka cha 2024 mvula inakana, a Pulezidenti Hakainde Hichilema nalengeza pa 29 February kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a Kariba anatsika, kufikira kuti masiku ena malaiti ankatichezera maola atatu okha, kawirikawiri pa nthawi imene anthu oopa Mulungu amakhala atagona. Pamenepo ine, mkulu wa mpingo, tate wa ana okwatira, ndinabwerera ku ubusa wa paubwana wanga, kulawirira m'mawa kukadyetsa chiweto kwa mnyamata wometa tsitsi amene ali ndi sola. Kumeneko ng'ombe za mudzi wonse zinali ndondondo pa thabwa limodzi, zingwe zitapiringizana, iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake kumsana, eni ake tinakhala pa benchi, wina kudandaula kuti yake siikhuta, wina kuti yake yatupa mimba, mnyamata uja n'kumatiyankha mwaulemu kuti, "Batire yatha iyi, atate, mugule ina."

Ikakhuta, ndiye kukakama. Yanga siitulutsa mkaka pansi; imafuna ndikwere nayo pa chulu cha kuseri kwa munda, nditukule dzanja kumwamba, ndiime chilili; ndipo ndili pomwepo ndege zochokera pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma lathu lomwe lino, zimandidutsa pamutu zitanyamula anthu amene adzafika ku Johannesburg uthenga wanga usanafike ku Chalimbana.

Popeza ndavutika nayo, ndiloleni ndilangize abusa anzanga. Akuba ng'ombe a masiku ano sathyola khola, amalemba kalata: mwina "ndalama ija mutumize pa nambala iyi," mwina kukuyamikirani kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe; chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nambala yanu ya chinsinsi musaiuze munthu, angakhale alankhule Chizungu cha mu ofesi, ndipo musailembe pa chikuto cha foniyo. Koma chilombo choposa onsewa ndi mdzukulu. Amadza ndi nkhope ya mngelo, nati, "Agogo, ndione nthawi chabe," nalowetsa ng'ombe m'munda wa TikTok, nabwera nayo madzulo ili yotentha, yowonda, yopanda bando ngakhale la mankhwala.

Mudzafunsa chifukwa chake sindiipha n'kudya nyama. Sindingathe. Chongwe inali m'gulu la maboma 13 amene anayamba kulandira feteleza wa FISP mwa e-voucher mu 2015, ndipo lero uthenga wa fetelezayo umadzera pa lamya; mwana wa ku Lusaka akakumbukira makolo ake amadzera pomwepo, maliro pomwepo, chopereka pomwepo. Anatiuza titulutse ndalama pansi pa mphasa, tilowe m'chitukuko. Tinamvera, ndipo titalowa tonse anaika wamsonkho pa chipata. Zimenezi sindiseka nazo. Amene amatumiza K100 pa foni si mwini masitolo. Ndi wantchito wa m'nyumba za ku Kabulonga amene akugulira amayi ake mankhwala, ndi mkazi wamasiye amene akulipirira mwana ulendo wa ku sukulu, ndipo kutapa pa ndalama yotero, ngakhale ngwee imodzi, ndi kutapa m'mbale ya wodwala chifukwa ndiyo ili pafupi ndi dzanja.

Mwezi wathawu mphwanga anapeza mbeta, akuchikazi natchula ng'ombe ziwiri. Ine monga malume ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, ndinatulutsa yanga m'thumba ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti inayo idza ikaswa iyi. Nkhoswe ya kuchikazi, munthu wofatsa ndi wodziwa mwambo, anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'ana mano, nafunsa ngati ili ndi WhatsApp. Atamva kuti imatsegula koma mochedwa, anaibweza, nati aiwerengera ngati nkhuku.