Malangizo kwa eni agalu olondera mbuzi zitatu

Masiku ano munthu akangogula mbuzi zitatu ndi ndalama za banki m'khonde, sabata isanathe mumva kuti wapezanso agalu asanu oti azizilondera. Palibe angamudzudzule, poti akuba alipodi, nawonso afisi sanasamuke. Chodandaulitsa n'choti ambiri mwa alimi atsopanowa sanaphunzire kagwiritsidwe ntchito ka galu, moti ena mpaka lero aneba awo akumagona tulo tofa nato kufikira tambala atalira. Manyazi amenewa atheretu.

Choyamba, galu azikhala kutali ndi khola. Ngati mbuzi zimagona kuseri kwa nyumba yanu, iyeyo mukamumangirire pamtengo wa mango wa kumalire, moyang'anizana ndi zenera la kuchipinda kwa aneba. Tcheni chikhale chachifupi, ndipo musamachimasule. Galu womangidwa usana ndi usiku amauwa chifukwa chotopa ndi kukhala pamalo amodzi, ndiye mwapeza mlonda wosadziwa tchuthi. Wakuba akamadzatulutsa mbuzi imodziimodzi, mlonda wanuyo adzakhala ali kalikiliki kukalipira mphaka wa eni ake.

Chachiwiri, madzulo asadye. Galu amene wakhuta phala la gaga ndi mkute, madzi akumwa ali pambali, amagona n'kumadzuka pokhapokha pakachitika kanthu. Kumeneko n'kuwononga luso.

Chachitatu, ndipo apa mumvetsetse, konzekerani mlendo wa m'mamawa. Aneba akafika maso ali psuu, alandireni mwaulemu, apatseni mpando, afunseni ngati ana adzuka bwino. Akangotchula za agalu, pukusani mutu n'kunena modekha kuti, "Bambo a Chisomo, galu wamkota sakandira pachabe." Musaulule kuti wanuyo ndi wa miyezi 7, ndiponso kuti amauwa mwezi, jumbo youluka ndi mphepo, wakabaza wochedwa kuweruka ndi mchira wake womwe. Mukafuna kuoneka ophunzira, tchulani za ku Namibia. Kumeneko, kuyambira mu 1994, bungwe la Cheetah Conservation Fund la ku Otjiwarongo limapereka kwa alimi agalu akuluakulu a mtundu wa Anatolian ndi Kangal, omwe kwawo kwenikweni ndi ku Turkey. Kagalu kamaikidwa m'khola kali ndi miyezi iwiri kapena itatu, kamakulira pakati pa mbuzi, kamapita nazo kubusa, ndipo chilombo chikayandikira, galuyo amaima pakati n'kuuwa mpaka chibwerere. Inu nkhaniyi muzingoilekezera pomwepo. Zoti galu wa ku Namibia amadziwa mbuzi zake, amadya, amabayidwa katemera, ndipo chilombo chikapita amakhala chete, muzibise. Zingakuluzitseni mlandu.

Chachinayi, musamatuluke panja. Galu akamauwa amakhala akuitana mwini wake kuti adzaone. Mukatuluka ndi tochi, n'kuzungulira khola, n'kumuuza kuti basi palibe kanthu, pang'onopang'ono amaphunzira kusiyanitsa munthu wolowa pakhomo ndi munthu wongodutsa mumsewu. Galu wozindikira chonchi ngwachani? Kokani bulangete mufunde mutu. Paja inu munazolowera, simukumumvanso.

Chachisanu, mkangano ukakula musatayenso malovu, makolo anatisiyira njira yake. Kagalu kotsatira mukatche Adzatopaokha, ndipo m'mawa uliwonse, aneba akamasesa pabwalo, muzikaitana mokweza katatu. Iwonso posachedwa apeza kawo n'kukatcha Tionana. Apo ndiye kuti zokambirana zayamba, ndipo agalu oimba usiku afika pa asanu ndi awiri.

Zina n'zazing'ono. Galu wamphongo musamufulitse, aziyendayenda mudzi wonse n'kumabwera ndi anzake. Khola lam'mwamba lamitengo yolimba ndi loko wake musamange, lingachepetse ntchito ya agalu. Pageti lembani kuti "Chenjerani ndi agalu" ngakhale mpanda unagwa ndi mvula ya chaka chatha.

Nanunso aneba musasekerere, gawo lanu lilipo. Musapite kwa mwini galu. Kadandauleni kuchigayo, pamjigo, kumphakati ndi pagulu la WhatsApp la m'dera, kuti iye adzakhale womaliza kumva. Kwa amfumu mudzapite pamene akazi anu ndi akazi ake aleka kupalana moto, kuti nkhani ya galu idzazengedwe limodzi ndi ya malire, ya nkhuku yomwe inasowa kalekale ndi ya mawu ena amene analankhulidwa pamaliro.

Koma pali chimodzi chomwe sichoseketsa. Kuponya nyama yothira tameki kuseri kwa mpanda ndi nkhanza komanso mlandu. Poizoni sasankha: adya ndi galu, adya ndi nkhuku, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Galu amene mukumuphayo sanadzimangirire yekha pamtengo. Nayenso mwini galu amene amati katemera wa chiwewe n'kutaya nthawi akusewera ndi moyo wa ana a anzake, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika. Alangizi a ziweto amabaya katemerayu, mabungwe monga Mission Rabies ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe akhala akubaya agalu m'madera, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbutsana za matendawa. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu wolondera ziweto ayenera kuuwa, ndipo wokhala pafupi ndi mlimi asayembekezere bata lenileni usiku uliwonse. Nthawi zambiri galu yemweyo ndi amene amathamangitsa wakuba wobwerera njinga ya aneba. Koma wouwa kuyambira 9 koloko usiku mpaka kucha sakulondera kanthu, akudandaula za mwini wake. Eni agalu, mudyetseni, mumasuleni pamtengopo, agone pafupi ndi khola. Aneba, pitani masana mukaodire pakhomopo nkhani isanafike kwa amfumu.