Ndinkati Khutu la Nyimbo Ndili Nalo

Inandilowetsa m'mavuto ndi nkhani ya Alan McGee. Mkuluyu, wa kampani yojambula nyimbo ya Creation Records, analowa m'kalabu ya King Tut's Wah Wah Hut ku Glasgow mu 1993, n'kumva anyamata osadziwika akuimba, usiku womwewo n'kuwauza kuti awatenga. Anyamatawo anali Oasis. Nditaimva ndinati aaa, ngati ndi zimenezo basi, nanenso khutu ndili nalo, si ndinakulira pa Alleluya Band ndi Black Missionaries ine? Apo n'kuti nditangosamukira ku Manchester, dera lomwe linatulutsa Oasis yomweyo, The Smiths ndi Joy Division. Ndinalumbira kuti bandi ya indie rock yotsatira kutchuka ndiitulukira ndine.

Ndinagula tikiti ya shoo ina. Tikitiyo inati zitseko atsegula 7 koloko, ine ndinafika kudakali kowala, jekete, nsapato zopolisha, ngati mkhalapampando wa ukwati, n'kukaima kutsogolo penipeni, tsaya litagunda sipika. Patsanja panakwera mnyamata wandevu wovala zakuda, anatenga gitala, analiza kawiri katatu, ine m'manja phwaphwaphwa, likhweru pamwamba, ndekhandekha m'chipinda chonse, iye n'kundiyang'ana mwachifundo, n'kunena "one two" pamaikolofoni, n'kutsika. Ankangoyesa zida. Kenaka inabwera bandi, inaimba theka la ola, ine ndikudula chiuno pomwe anzanga onse akungogwedeza mitu manja ali m'thumba, ndipo itatsika ndinanyamuka nditakhutira kuti ndalama yanga yagwira ntchito. Ndinadzamva m'mawa kuti amenewo anali support act, ongotsegulira, eni shoo anakwera ine ndili m'basi makutu akulira nziii.

Ndinati vuto ndi zovala. Ndinagula T-shirt yakuda ya mizere yoyera yonga mafunde imene aliyense kuno amavala. Pamzere wolowera mtsikana wina anaiyamikira, ine m'malo mongoti zikomo ndinatukula chifuwa n'kuyankha kuti Joy Division ikadzabwera mtauni muno tikiti yoyamba ndi yanga. Chithunzicho n'cha chimbale chawo cha 1979, Unknown Pleasures; woimba wawo Ian Curtis anamwalira mu 1980, otsalawo n'kukhala New Order. Zonsezi anandifotokozera mwaulemu, pang'onopang'ono, mzere wonse ukumva.

M'katimo zinthu zinaipiratu. Nyimbo itafika pothamanga anyamata anayamba kukankhana pakati pa khamu, ine ndi mtima wa mkulu wa mpingo ndinati iyi ndi ndewu, ndinalowapo manja m'mwamba ndikukuwa "Guys, guys, peace!", phewa lina linandiponya kumanja, lina linandibweza kumanzere, mowa wa munthu unanditsikira m'khosi, magalasi anauluka, nsapato imodzi inatsala pomwe sindikudziwa, mpaka ndinapezeka ndakhala pansi. Kumeneko amati mosh pit, ndipo ndi kuvina. Chinandiwawa kwambiri n'choti omwe ndinkawaleretsawo ndi amene anandidzutsa, n'kundipatsa magalasi anga, wina n'kundisisita pamsana kuti "You alright, mate?"

Mabandi ang'onoang'ono awa zida amanyamula okha, ndipo ndalama ya mafuta a galimoto nthawi zambiri imachokera pa katebulo ka pakhomo pomwe amagulitsa malaya ndi zimbale. Ogulitsawo amakhala eni bandi. Ine izi sindinkadziwa pamene ndinayandikira katebuloko kuti ndionetse ukatswiri, n'kumuuza wogulitsa kuti bandi ndi yabwino koma wang'oma uja amusinthe. Anamwetulira, n'kundionetsa timitengo toimbira ng'oma m'thumba lake lakumbuyo. Manyazi anandigulitsa chimbale cha vinyl, chonsecho chochiimbira ndilibe.

Ndiye usiku wina, m'chipinda cha pamwamba pa bala, ndinaipeza bandi ndinkaifuna ija. Abale anga, gitala yolira ngweee, woimba akuzungulitsa maluwa m'mwamba, nyimbo iliyonse yokoma kuposa inzake, anthu achikulire ndithu akuimba nawo liwu ndi liwu, ine n'kumati taonani, nyimbo zatsopano koma zalowa kale m'mitima! Ndinatumiza voice note pagulu la WhatsApp la abale kuti lembani tsiku la lero, ndatulukira bandi yomwe idzagwedeze dziko. Ndinadikira woimbayo pamasitepe, ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumulangiza kuti nyimbo zakezo azijambule msanga ena asanamubere. Iye anangondilozera chikwangwani pakhoma. Inali tribute band, yoimba nyimbo za The Smiths, zimene Morrissey ndi Johnny Marr analemba bandiyo isanathe mu 1987.

Voice note ija ikadali pagulupo, nthawi yoifufuta inadutsa, ndipo amalume amaibweretsanso nthawi iliyonse ndikayamba kupereka maganizo pa nkhani ina iliyonse.