Mtengo wanu uja sindikuupeza, Malume

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo, kuphatikizapo mbuzi zomwe zapulumuka pa chinkhoswe chija. Ine ndili gwa, kungoti chisanu cha mu Juni kuno chimaluma ngati chili ndi mangawa nane.

Mapu amene munandijambulira pachikuto cha kope aja ndayatsira mbaula. Munati pakati pa Johannesburg ndi Pretoria pali tchire ndi kamalo kotchedwa Halfway House, pomwe munthu angapumule pansi pa mtengo. Zimenezo ndi za nthawi ya Wenela, Malume. Lero pamenepo ndi Midrand, ndipo nyumba zimamera ngati bonongwe padzala. Njira ya kwa abwana anga ndinkaidziwira chulu china chachikulu. Nditapita kukagwira ganyu ku Tembisa miyezi itatu, pobwera ndinapeza pachulupo pali mpanda wamagetsi, geti ndi mlonda wofunsa kuti ndikufuna yani. Ndinati ndikufuna chulu. Sanaseke.

Ku Mall of Africa, komwe anatsegula mu 2016, ndinalowa m'mawa kukagula sokosi. Ndinatulukira khomo lina dzuwa litapendeka, sokosi osagula. Msika wa Lizulu ungalowe mmenemo ndi tomato wake yense, malo n'kutsalabe. Palinso mzikiti wa Nizamiye womangidwa ndi anthu a ku Turkey, wa nsanja zinayi zooneka uli pamsewu wa N1. Tsiku loyamba ndinauvulira chipewa poyesa kuti ndi kwa pulezidenti.

Koma anthu, Malume! Sopo ndimagula kwa Msomali, wondimeta ndi wa ku Congo, mwininyumba ku Ivory Park ndi Mpedi. Zilankhulo zovomerezeka ndi boma ndi 12, ndipo ine ndimayankha zonse ndi "yebo". Mawu amenewa andilowetsa kale m'chipereganyu cha amayi ena, moti mwezi uliwonse ndimasonkha osadziwa kuti ndidzalandira liti. Mu taxi musadzakhale kutsogolo: wokhala pamenepo ndiye amawerengera dalaivala ndalama. Ine nditakhalapo ndinasowetsa ma randi awiri, ndipo ndinadzudzulidwa m'Chizulu, m'Chivenda ndi m'Chishona nthawi imodzi, gogo wina akumasulira kuti pasandipite kanthu.

Chondipweteka kwambiri ndi mlonda wa pageti uja. Miyezi isanu takhala tikupatsana moni m'Chizulu chothyokathyoka, aliyense akunamizira kuti ndi mwana wa ku Durban. Lachiwiri lapitali geti linamupana chala, ndipo anakuwa kuti, "Mayo ine!" Ndi wa ku Ntcheu, Malume, kuseri kwa phiri komweko. Anandiuza kuti chulu chija nayenso chimamusowa.

Wailesi ndikweza pa basi ku Park Station mwezi ukatha. Poyankha mundiuze kuti mtengo uja unali wamtundu wanji, mwina ndauona utasanduka chitseko.

Ndine mphwanu wa ku Joni.