Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Mutawalipirira

Akuluakulu ankati madzi saiwala khwawa. Ankanena za munthu: mumuveke suti, mumutumize kutali, tsiku lina adzabwerera ku makhalidwe amene anakula nawo. Ku Kanyama, mu Lusaka, mwambi umenewu safuna woumasulira, chifukwa kumeneko ndi lipoti la zanyengo. Komboni imeneyi inamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi apansi ali pafupi moti mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale amasowa kolowera. Amangobwerera pamene ankakhala anthu asanafike ndi mabuloko awo, ndiye kuti pabalaza panu, kuseri kwa kabati ndi pansi pa bedi. Achikulire amakumbukirabe chigumula cha 1978, achinyamata safunika kuuzidwa poti amadzionera okha chaka ndi chaka. Nyengo imeneyo anyamata a mawilibala, aja timawatcha Zamcab, ndiwo mabwana. Mayi wotchena bwino wopita kuntchito m'tauni amakhala mu wilibala, miyendo m'mwamba, chikwama pachifuwa, n'kuwolotsedwa mpaka pa msewu wa tala, ndipo salipira mokangana.

Tsono anthu omwewa, pamodzi ndi anzawo a ku Chawama, George ndi Matero, madzi akangouma amayamba kusonkha ndalama zoti akakwere boti. Gulu la chilimba, kwaya ya kutchalitchi, komiti imene inayendetsa kitchen party ya mwana wa auje koma yakana kutha, onsewa pofika tchuthi cha Isitala kapena cha ufulu pa 24 Okutobala amakhala atachita kale haya basi ya Rosa, ulendo wa ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba. Pa uthenga umene umazungulira pa WhatsApp pamalembedwa zinthu zitatu: kuyenda pa boti dzuwa likamalowa, kusambira, ndi chakudya chamadzulo. Munthu amene miyezi iwiri yathunthu wakhala akukapa madzi m'nyumba ndi ndowa akupereka ndalama ya matumba angapo a ufa kuti akakhale pamwamba pa madzi. Sindimuseka ayi, poti pa mndandanda wa osonkhawo dzina langa silisowa.

Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 200. Mumadutsa Kafue, n'kulowa msewu wa ku Chirundu, n'kutsetsereka mapiri aja amene kwaya imasiya nyimbo n'kuyamba pemphero, kenako musanafike pa malire mumakhotera kumanja. Kumatentha mochita kusungunula zodzoladzola. Chakudya chinalipiridwa kale, koma m'basimo mumakhala mazira owiritsa, vitumbuwa, chikanda, nkhuku yokazinga usiku wathawo, ndi mbaula imene amayi ena anaibisa kumbuyo kwa mpando womaliza. Akafunsidwa amangoti, "Za kwa eni sudziwa."

Nyanja ikangoonekera, basi yonse imakhala chete kanthawi, kenako pamadzuka amalume ena, amene sasowa pa ulendo uliwonse. Amayang'ana uku, amayang'ana uko, tsidya lina osaliona bwino, n'kufunsa mokweza kuti, "Imwe, madzi onsewa ndiye aja ankati atha?" Funso lawo lili ndi pogwira. Mu 2024, chaka chimene boma linalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, makomboni a Lusaka ankatha maola opitirira 20 pa tsiku opanda malaiti. Ometa tsitsi, owotcherera zitseko ndi ogulitsa ayisi ankagwira ntchito pakati pa usiku kapena osagwira n'komwe, ndipo chifukwa chimene onse anauzidwa chinali chakuti ku Kariba kulibe madzi. Lero munthu wafika yekha, wapeza nyanja ya makilomita opitirira 220 m'litali ili phee. Nkhani yake ndi yakuti makina opangira magetsi samwa nyanja yonse. Amagwiritsa ntchito madzi apamwamba okha, mamita 13 basi, kuyambira pa mlingo wa 475.5 kufika pa 488.5. Akatsika kufika pansi pa mlingowo, otsalawo ndi a nsomba, ng'ona ndi alendo. Mu 2024 momwemo inafika nthawi yakuti mwa makina 6 a mbali ya Zambia, amodzi okha ndi amene ankazungulira. Mungafotokoze zonsezi mwaulemu, amalumewo adzagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino, koma ine ndawaona ndi maso anga."

Kariba ndi pamene anthu ophunzira anayesa kutsutsa mwambi wathu ndi simenti. Pakati pa 1955 ndi 1959 anamanga khoma la mamita 128 kutalika n'kutseka Zambezi. Mtsinjewo sunavomere msanga: mu 1957 ndi 1958 unasefukira n'kuwononga zina zomwe anamanga, ndipo Atonga a m'chigwamo anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Khoma litatha, madzi otuluka pa zipata anakumba thanthwe kunsi kwake mpaka dzenje la mamita pafupifupi 80, moti mu 2017 panayambika ntchito yaikulu yolikonza kuti lisadye maziko. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri anasamutsidwa kuti nyanja ikhalepo, ena n'kukatulidwa ku Lusitu, kumene basi yathu imadutsa ife tili kalikiliki kusenda mazira. Boti likamayenda, pansi pake pali minda ndi manda a anthu. Izi pa uthenga wa WhatsApp salembapo.

Koma tiyeni tikwere. Boti lili ndi malo ambiri, mipando pansi ndi pamwamba, mphepo yabwino kutsogolo. Anthu athu amalowa n'kukhala ngati mu minibasi ya pa siteshoni ya Kulima Tower, anayi anayi mothithikana, ndipo aliyense akulimbirana mpando wa pafupi ndi potulukira. Woyendetsa akapempha kuti ena asunthire mbali inayo kuti boti lisapendekeke, onse amadzuka limodzi n'kupita mbali inayo. Majekete oyandamitsa munthu amabweretsa mlandu wina. Abambo amawakana poti ndi amuna, atsikana amawakana poti akubisa diresi imene inagulidwira chithunzi, ndipo amayi a mbaula aja amapempha awiri. Injini ikangolira, abambo aja mmodzimmodzi amayamba kufunsa chapansipansi ngati yatsalako ina.

Mphindi zoyamba zonse ndi za foni. Palibe amene akuyang'ana nyanja, aliyense waifulatira kuti ikhale kumbuyo kwake pa chithunzi. Ulendowu uli ndi eni ake enieni amene sanakwere nawo: neba amene anakana kusonkha, apongozi, ndi alandilodi. Alandilodiwo akaona chithunzi adzakumbukira lendi ya mwezi watha, koma munthu ali pa tchuthi saganiza patali chotero.

Ndiye pakubwera kusambira. Boti limapita pakati penipeni n'kuzimitsa injini, ndipo woyendetsa amafotokoza chifukwa chake: m'mphepete ndi m'mene mumakonda ng'ona ndi mvuu, ndiponso m'zomera za m'mphepetemo ndi m'mene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho wofuna kusambira asambire pakuya. Maboti ena ali ndi khola lachitsulo limene amalitsitsira m'madzi kuti osambira akhale m'katimo. Anthu amamvetsera bwinobwino, koma m'mawu onsewo amatolapo amodzi, ng'ona. Lusaka ndi mzinda wopanda mtsinje waukulu. Odziwa kusambira m'komboni ndi aja anakula akuthawa sukulu n'kumakadumphira m'maenje okumbamo miyala monga Ngwenya ku Misisi, ndipo mmodzi wa iwo akangodumpha mwaluso, amayi ake amadziwa tsiku lomwelo kumene ankapita zaka zonse zija ankati ali ku tyushoni. Ena tonse timaima m'mbali titavala zosambira za ku salaula, chitenje chili m'chiuno, n'kumalimbikitsana. "Yambani ndinu, ba mulamu." "Ayi, akulu ndiwo ayambe."

Pali amayi ena amene ndimawadziwa, ogulitsa tomato, amene mu Febuluwale amayenda m'madzi ofika m'chiuno, dengu pamutu, mwana kumsana, m'bandakucha kusanayere, osadziwa pamene pali dzenje la chimbudzi chakale. Amayi amenewa pa boti anakana kuviika ngakhale chala. Atafunsidwa anati madzi akwawo amawadziwa, amadziwa ndi nyumba imene achokera, koma awa ndi achilendo. Mwa ife osadziwa kusambira, mlamu wanga yekha ndi amene anatsika. Anagwira makwerero ndi manja onse awiri, analowa mpaka pachifuwa, anakuwa kuti amujambule msanga, n'kutuluka. Mpaka lero ku Matero amadziwika kuti anasambira pa Kariba.

Kunena zoona, madzi a pakati pa nyanjayo ndi oyera kuposa amene timapondamo kwathu. A m'komboni mvula ikagwa amasakanikirana ndi za m'zimbudzi n'kulowa m'zitsime zosaya, ndipo ndi njira imeneyi kolera amabwerera. Mu Januwale 2018 Kanyama anaikidwa pa lamulo loletsa kuyenda usiku chifukwa cha matendawa, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Koma mantha a munthu satsata sayansi. Ng'ona ili ndi mano, kachilombo ka kolera sanakaonepo.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri, nyanja yonse n'kufiira, amatsegula miphika. Apa ndiye mwambi umagwira ntchito yake yonse. Chakudya chimakhala chodzitengera wekha: mpunga, tchipisi, nkhuku, nsomba yowotcha, masamba osaphika amene aliyense amawalambalala mwaulemu. Munthu amene anakulira m'nyumba ya ana asanu ndi atatu amadziwa kuti mawu akuti "mudzabweranso kachiwiri" ndi bodza limene lagoneka ambiri ndi njala, choncho mbale imamangidwa kamodzi. Mpunga ndiwo maziko, tchipisi m'mbali kuti zitchinge, nkhuku pakati, nsomba pamwamba mchira uli lendelende, ndipo kuchoka pa mphika kufika pampando, boti likugwedezeka, sipagwa ngakhale njere imodzi. Zikwama za amayi zija zinkaoneka zazikulu mopanda chifukwa zimayamba kumveka tanthauzo. Mumatuluka timabokosi ta pulasitiki, chifukwa kunyumba kwatsala ana, ndipo mayi sangadye nsomba ya pa Kariba yekha n'kukafotokozera ana kukoma kwake ndi pakamwa. Wina angati n'kusadziwa khalidwe la pa boti. Ine ndimati ndalama inalipiridwa ndi banja lonse, poti onse anadya kapenta wopanda tomato mwezi wathunthu kuti isonkhedwe.

Mbale zikayera, pamamveka funso lija limene woperekera zakudya amalidziwa kale: "Nanga nsima ibwera nthawi yanji?" Akauzidwa kuti chakudya ndi chomwecho, anthu amayang'anana mwachisoni. Akhuta mpaka kumasula lamba, koma sanadye.

Mdima ukagwa, pa nyanja pamayamba kuyaka nyali, apa imodzi, apo zisanu, mpaka mzere wonse. Amalume aja amadzukanso kufunsa kuti ndi komboni iti imeneyo imene malaiti sathima. Ndi maboti ophera kapenta. Amayatsa nyali pamwamba pa madzi, tinsombato timasonkhana pa kuwalako, ndipo ukonde wozungulira umene unatsitsidwa pansi amaukweza ndi chopukusa. N'chifukwa chake mwezi ukakhala wathunthu ntchito imaima, poti kuwala kuli ponseponse. Kapentayu naye ndi mlendo pa Kariba, anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Alendo ochokera kunja akamva zimenezi amajambula nyalizo n'kuusa moyo. Amayi a chilimba akamva zimenezi amasiya kuvina, amasendera kwa mnyamata wogwira chingwe cha boti, n'kufunsa motsitsa mawu kuti thumba likupita pa zingati kuno, ndipo amayanika kuti. Msungichuma watulutsa kale kabuku kake, akuwerengera kuti m'thumba limodzi mumatuluka mameda angati ndipo meda ikugulidwa bwanji ku msika wa Soweto. Tchuthi chimathera pomwepo, pakati pa nyanja, nyimbo zikulirabe. Mawa lake basi idzabwerera ku Lusaka matumba ali pansi pa mipando, zovala zonse za pa chithunzi zikununkha kapenta, ndipo phindu lake ndi limene lidzayambe chilimba cha ulendo wotsatira.

Usiku womwewo, boti litakocheza, anthu sapita kukagona. Kuseri kwa basi mbaula ija yayaka kale, ufa unali mu chikwama cha dalaivala, ndipo amayi aja amene tinkawaseka m'mawa akutakasa mphika ndi mthiko umene unabwera utakulungidwa m'chitenje. Ndiwo ndi nsomba za m'timabokosi tija, ana adzamva nkhani ina. Abambo a masuti, atsikana a madiresi, onse anjuta mozungulira, akusamba m'manja ndi madzi a m'botolo. Pa ulendo wina tili pakati pa kudya tinaona mnyamata wovala yunifolomu yoyera akubwera mwamanyazi, yemwe uja ankatiuza pa boti kuti nsima kulibe. Anati kwawo ndi ku Mtendere, ndipo anafunsa ngati mphikawo wapalidwa kale. Amayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumuuza kuti, "Samba m'manja, mwanawe. Koma ubwere ndi mchere ndi tsabola za ku boti kwanuko."