Nthabwala: Msasa wa Chiarabu pa Dooko la Chanyanya

Sukulu zikatseka mu Ogasiti, kholo lililonse limadziwa kuti ufa wa mwezi wathunthu utha m'masabata awiri. Ndiye likamva kuti kuli msasa kumene ana akadye katatu pa tsiku, silifunsa kuti akukaphunzira chiyani. Lero tili ku Chanyanya, dooko la asodzi kumadzulo kwa tauni ya Kafue, kumene tamanga msasa wophunzitsa ana luso ndi chikhalidwe cha Aarabu. Musakaufunse kwa amfumu, chifukwa taumanga ndi cholembera chokha. Koma dooko lilipo, udzudzu ulipo, ndipo antchito a mtundu uwu mumawadziwa bwino.

Mayeso a ntchito

Mkulu wa msasa anafunsa mnyamata wofuna ntchito kuti: “Bungwe la Arab League linayamba ku Cairo mu 1945 ndipo lero lili ndi mamembala 22. Tanditchulireni mayiko atatu okha.”

Mnyamatayo sanaphethire n'komwe. “Al Ahly, Zamalek ndi Mohamed Salah.”

“Achimwene, amenewo ndi matimu awiri ndi munthu mmodzi. Ndipo onsewo ndi a ku Egypt.”

“Ndiye kuti dziko limodzi ndalikhoza katatu, bwana.”

Anamulemba kuti aziyang'anira zamasewera.

Ambuya ndi Aluya

Mtsikana wolemba mayina a ana anafika pakhomo pa ambuya ena amene kwawo kwenikweni ndi ku Nkhotakota, ku Kafue anangotsatira amuna awo asodzi. Atangomva kuti za Aluya zafika ndipo akufuna ana, ambuya anatsekera adzukulu m'nyumba n'kukhala pachitseko ndi musi m'manja.

Musawaseke msanga. Kwawoko Jumbe Salim bin Abdallah anamanga mudzi wake cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa anthu ogwidwa pa nyanja kuti akagulitsidwe ku Kilwa. Nkhani imeneyo ambuya anaimva ali pamiyendo pa agogo awo.

“Ambuya, n'kungophunzira kulemba ndi kuvina basi. Lachisanu abwerera.”

“Aliyense wotenga ana amalonjeza tsiku. Siya foni yako pano ikhale chikole.”

Anapereka mdzukulu mmodzi woyesera. Lachisanu mwana anabwera masaya ali phwii. Lolemba ambuya anafika okha pa geti, akutsogolera ena anayi.

“Awa ndiye musafulumire kubweza. Amadya kwambiri.”

Mkulu wa msasa anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti afotokozere ana onse za Jumbe. Phunziro limenelo silinali pa ndandanda, koma ndi lokhalo limene palibe mwana anapempha kupita kuchimbudzi.

Mabuku olakwika

Chiarabu chili ndi zilembo 28 ndipo chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, choncho buku limatsegulidwa kumene ife timati n'kumapeto. Mlonda palibe anamuuza. Mmawa wina anapezeka pakhomo pa ofesi, maso ofiira, zala zili gwaa ndi guluu.

“Bwana, osindikiza anatibera. Mabuku onse chikuto anaika kumbuyo. Koma musadandaule, ndachezera nawo usiku wonse. Onse ali bwino tsopano.”

Ana ndiwo anagwira phunziroli mwachangu. Mwana wa pa dooko amagula mandasi m'Chinyanja, amakangana m'Chibemba, amapepesa m'Chitonga, ndiye chinenero chachinayi sichimuopsa. Masana omwewo kamnyamata kamene kanali kumapeto kwa mzere wa nsima kanadumpha anzake onse n'kutambasula mbale.

“Iwe, bwerera kumbuyo!” anatero amayi ophika.

“Amayi, uno ndi msasa wa Chiarabu. Mzere umayambira kumene ndinali ine.”

Shuga wa ziro

Aphunzitsi a masamu ankafuna kuti aliyense pamsasa azolowere manambala amene amalembedwa ku Egypt ndi ku Saudi Arabia. Kumeneko 5 ndi kachizunguliro, ziro ndi kadontho, 6 amaoneka ngati 7 wathu. Analemba pa chipepala cha kukhitchini kuti tiyi afunika makilogalamu 5 a shuga. Amayi ophika anaona kachizunguliro, anagwedeza mutu, n'kutseka thumba la shuga. Tsiku limenelo ana anamwa madzi otentha ofiirira.

Pofuna kukonza zinthu, aphunzitsi anawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti ngakhale manambala athu omwewa anachokera ku India kudzera kwa akatswiri olemba m'Chiarabu, makamaka al-Khwarizmi amene ankagwira ntchito ku Baghdad zaka za m'ma 800.

“Ndi ziro yemwe?”

“Ndi ziro yemwe, amayi.”

“Ooh, ndiye ndi bambo ameneyo! Ana anga atatu onse teremu iliyonse amabwera ndi katundu wake.”

Pa tsiku la malipiro amayiwo anakana kusaina mpaka ndalama zitalembedwa m'mawu. Anati shuga akhoza kusowa, koma K500 isasanduke chizunguliro ndi timadontho tiwiri.

Mwini bango

Luso lolemba zilembo zokongola ndi limene Aarabu amanyadira kwambiri, ndipo cholembera chake chimasemedwa kuchokera ku bango louma, nsonga yake n'kudulidwa mopendeketsa. Aphunzitsi ake, ochokera ku Lusaka, anadandaula kuti zolembera zimene anaitanitsa kunja sizinafike. Wopalasa bwato anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

“Aphunzitsi, mukulipira ndege kuti ikubweretsereni bango? Ku Chanyanya?”

Anatuma mnyamata wa zamasewera uja ndi chikwanje. Patapita kanthawi anabwera akuthamanga, ali chinyowere, wopanda chikwanje, nsapato imodzi.

“Bango lili kuti?”

“Mwini wake wakana.”

“Mwini wake ndani? Dzina lake?”

“Sanatchule dzina. Anangotulutsa mutu m'madzi n'kuyasamula.”

Mawa lake wopalasa bwato anadula yekha mtolo wathunthu, n'kulangiza aphunzitsi kuti mvuu za mu Kafue sizidana ndi maphunziro, zimangofuna kuti munthu azigogoda.

Gitala wapakati

Aphunzitsi a nyimbo atatulutsa oud m'chikwama, mlonda anazungulira chidacho kawiri. Khosi lalifupi lopanda timizere togwirapo zala, mutu wopindikira kumbuyo, mimba yotumbika.

“Aphunzitsi, gitala wanuyu ali ndi pakati pa miyezi ingati?”

“Ameneyu si gitala, atate. Ndi wamkulu kuposa gitala.”

“Ndiye kuti ndi amake. Ndinaona ine.”

Madzulo aphunzitsi anaika nyimbo ya Umm Kulthum, mayi wa ku Egypt amene anamwalira mu 1975, amene nyimbo yake imodzi pa siteji inkatha kufika ola lathunthu. Ana anagona, anadzuka, anapeza mayi akadali pomwepo. Amene anapindula ndi amayi ophika. Wotchi ya kukhitchini inali itafa kalekale, ndiye kuyambira tsiku limenelo malangizo awo kwa mtsikana wowathandiza anali akuti: “Mpunga n'theka la nyimbo. Nyemba ndi nyimbo ziwiri, ukamva anthu akuwomba m'manja uthire mchere.”

Gule wopondaponda

Dabke ndi gule wa ku Lebanon, Palestine, Syria ndi Jordan. Ovina amagwirana manja pamzere, wotsogolera akugwedeza kansalu, onse n'kumaponda pansi mwamphamvu nthawi imodzi. Aphunzitsi a zovina anauza ana nthano imene eni ake amakamba, yakuti guleyu anayamba pamene anthu a m'mudzi ankathandizana kuponda dothi la padenga kuti lisadonthe.

Kuseri kwa mpanda kunali bambo woumba njerwa amene anamva zonsezo. Anadikira kuti ng'oma ileke, anavula chipewa, n'kulowa.

“Aphunzitsi, pepani kulowerera. Mwati guleyu ndi wopondera dothi?”

“Ndi mmene anayambira, malinga ndi nthano.”

“Nanga bwanji mukuwononga miyendo ya ana pa simenti? Ine ndili ndi dothi la njerwa 2,000 apa pompa. Ng'oma mubwere nayo, maheu ndi anga.”

Kapu yosatha

Mlendo wa tsiku Lachitatu anali bambo wina wamalonda wa ku Lusaka, amene anabwera kudzaonetsa mmene Aarabu a ku Gulf amalandirira alendo ndi khofi. Kakapu kake n'kakang'ono, kopanda chogwirira, amathiramo pang'ono, ndipo mwini nyumba amathirabe mpaka mlendo agwedeze kapuyo kusonyeza kuti wakwana. Pamene amafotokoza zimenezi, dalaivala wa minibasi anali panja akupopa tayala.

Atalowa anamukhazika pa mkeka ngati mlendo wachitsanzo. Iye analeredwa kuti chakupatsa wamkulu sukana. Anamwa, n'kubweza kapu ndi manja awiri. Inabwera ndi khofi wina. Anamwa. Inabweranso. Wothira ankadabwa kuti munthuyu ali ndi ludzu lanji, womwa ankadabwa kuti bamboyu walakwiridwa chiyani. Kapu ya nambala 9 itafika, dzanja la dalaivala linayamba kunjenjemera lokha.

“Ahaa, mwakwana!” anatero wothira, n'kutseka ketulo.

Cha m'ma 2 koloko usiku dalaivala anali akutsuka minibasi kachitatu, akuimba nyimbo za kwaya. Mlonda akuti sanagonepo tulo tokoma ngati ta usiku umenewo, podziwa kuti pamsasa pali munthu amene ali maso.

Nsima yokana kugwirana

Couscous ndi chakudya cha ku Morocco, Algeria ndi Tunisia: timibulu ta tirigu tophikidwa ndi nthunzi, ndipo ulemu wa wophika uli poti kambulu kalikonse kakhale pakokha. Aphunzitsi a zophika anathera mmawa wonse akufukiza ndi kumwaza ndi zala. Atatuluka kukayankha foni, amayi ophika anasuzumira mumphika, anagwira pakamwa.

“Mwana wa eni ake achita manyazi pamaso pa ana.”

Anathira madzi otentha, anagwada, anagwira mthiko. Aphunzitsi pobwera anapeza mitanda yosalala itandandalikidwa m'beseni.

“Amayi, mwatani?”

“Musathokoze, mwanangu. Tonse tinayamba choncho.”

Tsiku la hummus zinayenda bwino. Ana anakomba tchana chosinja ndi chitowe, adyo ndi mandimu mpaka mbale kuwala. Kenako onse anakasamba m'manja n'kukhala phee.

“Mukudikira chiyani?” anafunsa aphunzitsi.

“Chakudya.”

Amayi ophika sanalankhule. Anangovundukula mphika umene anali atabisa kuseri kwa nkhuni.

Kazitape wa mpingo

Dikoni wina anamva mphekesera zoti msasawu ndi wotembenuza ana. Anadzipereka kuti azisesa pabwalo kwaulere, khutu lili ku zenera. Tsiku lachitatu mkulu wa msasa anamuitana n'kumuuza kuti ku Lebanon ndi ku Egypt kuli Akhristu ochuluka amene amapemphera m'Chiarabu, komanso kuti mayiko a Asilamu ambiri monga Indonesia ndi Pakistan si a Chiarabu.

“Ndiye kuti ndasesa masiku atatu pachabe?”

“Ayi, adikoni. Bwalo layera.”

Pochoka, dikoniyo anaima pakhomo akukanda m'mutu. Mwana wake wamkazi anali atapita kunyumba ndi maluwa a hina m'manja, ndipo amake anayamba akwecha ndi mwala, akuganiza kuti ndi matenda a pakhungu. Atamva kuti ndi utoto wa masamba umene umachoka wokha pakapita sabata kapena awiri, nkhani inatembenuka.

“Mayi a kunyumba akufunsa ngati akulu amaloledwa. Kuli ukwati Loweruka.”

Ngamila ya tsiku lotseka

Makolo onse anabwera kudzaonera sewero la Ibn Battuta, woyenda maulendo amene anachoka kwawo ku Tangier mu 1325 n'kufika ku Kilwa mu 1331. Ngamila inali bulangete lofiirira: kutsogolo dalaivala, kumbuyo mlonda, linunda ndi pilo. Mlendo wolemekezeka analankhula nthawi yaitali moti mlonda, mumdima wofunda wa bulangete, anaona ngati nthawi ya ntchito yakwana. Ng'oma italira, theka la kutsogolo linanyamuka. Theka la kumbuyo linatsala likuliza mkonono.

Kamtsikana kamene kanali Ibn Battuta kanayang'ana zidutswa ziwirizo, kanakonza nduwira yake, n'kunena mokweza: “Ngamila yaduka. Tipita pa bwato.”

Asodzi onse anaimirira kuwomba m'manja. Aphunzitsi a mbiri ndiwo anawomba kuposa onse, chifukwa ku Kilwa Ibn Battuta anapitadi pa chombo.

Tsono inu makolo, mukamva za msasa weniweni wa ana kwanuko, kaya ndi wa Chiarabu, wa ng'oma za kwathu kapena wa kompyuta, tumizani ana. Akabwerako akudziwa zimene inu simudziwa, ndipo zimenezo si zochititsa manyazi. Koma pokawatenga musangogwira dzanja la bwana wa tayi. Pitani kuseri mukathokoze wophika, dalaivala ndi mlonda. Mukapeza mlonda ali m'tulo, musamudzutse, msiyireni moni kwa amayi ophika.