Tcheni Chikagwa, Aliyense ndi Makanika

Palibe chimene chimasonkhanitsa akatswiri msanga m'tauni kuposa tcheni cha njinga yamoto chikagwa. Wakabaza akangoimika pambali pa msewu, kaya ku Biwi kaya ku Ndirande, amapezeka atazingidwa ndi wogulitsa mayunitsi, wokazinga tchipisi, mlonda wa pashopu, ndi madala ena amene ankapita kumaliro koma aona kuti malirowo angadikire. Onse manja kumbuyo, chigamulo chimodzi: "Chakhwepa chimenecho achimwene, kungani." Akunga. Njinga inyamuka, koma isanafike padepoti tcheni chagwanso, ndipo kumeneko kuli komiti ina yodikira kupereka chigamulo chomwechija. Chikhalirecho tcheni chogwa pafupipafupi nthawi zambiri chimangosenza mlandu wa ena. Olakwa ndi masipuloketi awiri, yaing'ono ya kuinjini ndi yaikulu ya kuwilo, amene asiyana mzere. Vutoli silioneka chifukwa kuti ulione uyenera kunyonyomala kumbuyo kwa njinga, kutsinzina diso limodzi, n'kukhala chete, ndipo zitatuzi m'tauni muno sizipatsa munthu ulemu.

Amene anapanga njingayo anaika timabawuti tiwiri tokokera wilo ya kumbuyo, kena kumanzere kena kumanja, ndi timizere pachitsulo kuti mbali zonse zikokedwe mofanana. Makanika wathu amapotokola kabawuti ka mbali ya tcheni kokha, poti ndi mbali imene kwaima anthu oonerera. Wilo ipendekeka pang'ono, sipuloketi ya kumbuyo iyamba kuyang'ana cham'mbali, ndipo tcheni chimalowa m'mano chokhota mpaka tsiku lina chikwera pamwamba pa dzino n'kudumpha. Umboni ulipo, waulere: mano amanyezimira mbali imodzi pamene tcheni chakhala chikuwapala, mbali inayo ali bii. Koma kuti uone kunyezimirako uyenera kupukuta girizi ndi kansanza, ntchito imene komiti imasiyira kamnyamata kophunzira, kamene sikaloledwa kuyankhula. Ndiye pali nkhani ya kukungako. Tcheni cha njinga zimenezi chimafunika chizisewera masentimita 2 kapena 3 ukachikankha ndi chala pakati. Komiti imafuna chilire ngati nsambo ya bangwe. Kenaka pakwera amayi ndi mwana, thumba la makala kumbuyo, mashoko atsika, tcheni chikungika kuposa pamene chinali, ndipo mabering'i a wilo ndi a kuinjini ndi amene amalipira. Mwini njinga amachoka wokhutira ndithu, makamaka ngati hamala inalirapo, chifukwa kasitomala wa m'tauni salipira ntchito imene sanaimve ndi makutu.

Zimanyanya kwa uja amene wagula kainjini n'kukamangirira panjinga yakapalasa. Kumeneko sipuloketi ya kumbuyo, imene nthawi zambiri imakhala ya mano 44, imagwirira pamasipoko ndi mabawuti 9 ndi malabala opanikiza. Mabawutiwo amafuna kumangidwa pang'onopang'ono, ili kenaka la kutsidya kwake, uku ukuzunguza wilo n'kumaona ngati sipuloketi ikugwedezeka. Mwini wake, amene anauza kale dera lonse kuti madzulo ano akhala akuuluka, amamanga bawuti loyamba mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, n'kupita lotsatira. Sipuloketi imatsala yopendama, tcheni chimakungika apa n'kukhwepa apo pa kuzungulira kulikonse, ndipo kagudumu kokungira tcheni kakaterereka kamakalowa m'masipoko.

Ena adzati vuto ndi zipangizo za masiku ano, zofewa, zongobwera m'makatoni. Zofewa zilipodi, koma sipuloketi yofewa imene ili pamzere imatha mofanana mbali zonse, pamene yodyeka mbali imodzi ikuneneza dzanja limene linagwira sipanala. Komanso amene amadandaula za zipangizo ndi yemweyo amagula tcheni chatsopano n'kuchiveka pamano akale opindika, kapena kudula mfundo imodzi pa tcheni chotanuka kuti chioneke chanthete. Ena adzaloza misewu. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo wakuda wochokera muinjini, amene timathira pa tcheni monyadira kuti sitinagule, limapera chitsulo ndithu, ndipo maenje amagwedeza manati. Koma msewu umodzimodziwo amadutsamo akabaza ena a pasiteji omwe matcheni awo sagwa, ndipo maenje sasankha njinga. Za mnzake wansanje amene akuti anaiyang'ana njingayo m'mawa tizisiye, poti mfiti yodziwa kupotokola kabawuti ka kumanzere kokha ikanatsegula galaja.

Mfundo yolemera ndi ya nthawi. Wakabaza ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana mwini njinga madzulo, ndipo mphindi iliyonse imene njinga yaima kasitomala akukwera ya wina. Izi n'zoona, koma ziwerengedwe bwino. Kumasula nati ya wilo, kulinganiza timizere mbali zonse, kugoneka chitsulo chowongoka kapena kukoka ulusi kuchokera pa sipuloketi ina kukafika pa inzake, n'kumanganso, ndi ntchito yofulumira kuposa kudikira nsima palesitilanti. Kubwezeretsa tcheni kangapo patsiku, manja ali girizi yekhayekha, kasitomala ataima pambali akuimbira foni kuntchito kuti wachedwa, kumadya nthawi yochuluka, ndipo kasitomalayo mawa adzadutsa pasitejipo ngati sakukudziwa.